Yankho kwa amalume pa za ntchito yanga ya uloya

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa, uthenga wanu ndinauona m'mawa koma ndinali m'khoti, foni timathimitsa. Ndati ndingolankhula, kulemba sindingamalize.

Mwati msuweni wangayo akufuna uloya akamaliza Fomu 4, ndiye mukufuna kudziwa njira yake. Mwafunsanso kuti tulo ndimatipeza bwanji nditayimira dalaivala amene wagunda munthu, kapena wakuba. Ndiyambe ndi lachiwirili, chifukwa ndi limene lakukhalani pamtima. Amayinso anandifunsapo zomwezi.

Taganizani pa Lizulu tsiku la msika. Msewu wa M1 wadutsa pakati pa anthu, matumba a mbatata ndi kabichi afika mpaka m'mphepete mwa phula, ana akuwoloka, akabaza akukhotera paliponse, minibasi yangoima pamene yaonera pasenjala. Kapena ku Dedza mwezi wa June, nkhungu itatseka moti galimoto yakutsogolo suiona. Ngozi ikachitika, aliyense amati dalaivala wapha munthu. Nthawi zina ndi zoona ndithu. Koma lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, pa gawo 126, silinena kuti munthu akafa basi dalaivala walakwa. Mlandu ndi wakuti munthu wafa chifukwa dalaivalayo anayendetsa mosasamala, ndipo kusasamalako boma liyenera kukuonetsa ndi umboni. Ntchito yanga ili pamenepo.

Ndiye ndimakhala pansi ndi mapepala. Zimene apolisi a pamsewu anajambula pamalo a ngozi, galimoto inaima pati, matayala anakwekwesa mtunda wotalika bwanji, amene anayeza galimoto anapeza kuti mabuleki anali bwanji, achipatala analemba chiyani. Laisensi ilipo? COF, chiphaso choti galimoto ili bwino, ilipo? Inshuwaransi? Mboni imene ikuti inaona zonse, inaima pati, kuseri kwa lole kapena poyera? Nthawi zambiri ndimapita ndekha pamalopo, ndiime pamene mboniyo ikuti inaima, ndione ngati maso angafike pamene ikunenapo.

Umboni ukaonetsa kuti munthu wanga analakwadi, ankathamanga kapena anali atamwa, ndimamuuza m'maso muli gwa kuti achimwene, apa musatayitse khoti nthawi. Kuvomera kapena kukana ndi kwa iye mwini, koma ine bodza m'khoti sindinganene. Loya wonamiza khoti atha kulandidwa chiphaso chogwirira ntchito. Akavomera, chotsala ndi kumudandaulira: kuti ndi koyamba kulakwa, anadzipereka yekha kupolisi, ali ndi ana omudalira. Chilango amapereka ndi woweruza.

Ndipo musaganize kuti oferedwa sindiwaona, amalume. Amakhala pabenchi kumbuyo kwanga. Mayi amene mwana wake anagundidwa, ine ndikufunsa mboni mafunso iye akulira chamumtima, zimenezo ndimapita nazo kunyumba. Chimene ndimafunitsitsa mabanja otere atadziwa ndi chakuti mlandu wa boma ndi wina, chipepeso ndi nkhani ina. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu iyenera kukhala ndi inshuwaransi yoteteza anthu amene ingawavulaze, ndipo banja lili ndi ufulu wokatenga chipepeso kumeneko. Ambiri kwathu kuno amangolandira bokosi ndi thumba la chimanga pamaliro, n'kuyesa kuti zathera pomwepo.

Tsono chimene chimandisunga pantchitoyi ndikuuzeni. Ndinakumanapo ndi mnyamata wina wa kumudzi, wa kabaza, amene anamangidwa pa nkhani ya njinga yobedwa. Papolisi ina anamupatsa pepala lolembedwa m'Chingerezi, iye n'kudinda chala osadziwa kuti akuvomera mlandu. Anakhala pa rimandi miyezi, makolo ake akungoyenda ndi nsima, osadziwa khomo loti agogode. Titafika m'khoti zinaoneka kuti njingayo anachita kubwereka, ndipo mboni zinalipo. Akanapanda kupeza womuyimira, bwenzi pano ali kundende.

N'chifukwa chake ndikupempha nonse m'gulu muno, izi muzisunge. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete, ali ndi ufulu woonana ndi loya, ndipo afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa tsiku loti khoti siligwira ntchito. Amatengedwa kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Belo ya kupolisi ndi yaulere, wina akakuuzani kuti mulipire, dziwani kuti si lamulo limenelo. Pepala limene simunalimve musasaine. Ndipo amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ndi maloya a boma oyimira anthu osauka. Koma milandu ya kupha mwadala ndiye njira yake ndi yaitali, chifukwa imakazengedwa ku High Court, ndi belo yomwe amapereka ndi kumeneko.

Tsopano za msuweni wanga. Choyamba akhoze bwino MSCE, makamaka Chingerezi, chifukwa malamulo athu analembedwa m'Chingerezi ndipo kuwerenga kwake n'kochuluka zedi. Ku University of Malawi ku Zomba, kuja tinkati ku Chanco, munthu amayamba wachita maphunziro ena chaka choyamba, akakhoza bwino ndi pamene amalowa za malamulo, zaka zinayi. Ku Catholic University ku Nguludi amaphunzitsanso. Ukamaliza, palinso sukulu ya MILE (Malawi Institute of Legal Education) yokonzekeretsa anthu ntchito yeniyeniyo, kenako amakalumbira pamaso pa mkulu wa makhoti, ndipo chiphaso timachita kukonzetsa chaka ndi chaka. Zoti ndi mtsikana zisakudetseni nkhawa. Mayi Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhoti onse m'dziko muno mu 2013.

Koma amve zoona: ndalama zambiri za uloya zili ku milandu ya makampani ndi ya malo. Kuno kwa ife, amene amabwera ndi woti wagulitsa mbuzi kapena mbatata za m'munda kuti m'bale wake atuluke. Umadzuka m'bandakucha kuchokera ku Lilongwe, kufika ku Ntcheu, n'kumva kuti mboni sinabwere, mlandu wasunthidwa. Umalowa m'chitokosi kukalankhula ndi munthu amene mudzi wonse wamutaya. Ngati mtima wake uli pamenepo, ine ndimuthandiza ndi manja awiri.

Pa holide ikubwerayi ndili ndi mlandu kukhoti la majisitireti pa boma pomwepo. Khoti salipiritsa, aliyense amalowa. Mumulole adzabwere, adzakhale pabenchi tsiku lonse aone yekha, kenako tidzakambirana ndikamadzamuperekeza kunyumba. Tsiku lake ndikuuzani ndikaona m'buku. Mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti mankhwala aja ndagula, ndibwera nawo.