Kodi zojambula za eni nthaka ndi zamakedzana?

FUNSO: Akonzi, mwana wanga amene akuphunzira ku America wanditumizira zithunzi za chionetsero cha zojambula za Aaborijini a ku Australia, chimene chili pa sukulu ya ukachenjede ya Virginia. Ine ndikuona timadontho ndi mizere yozungulira ngati za m'mapanga a Chongoni, koma iye akuti ndi ntchito zamakono. Kodi zimenezi si zoyenera kusungidwa kunyumba ya zinthu zakale ngati ya ku Chichiri? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Mayi, mwana wanu akunena zoona, ngakhale kuti maso anu nawonso sanalakwe. Malo amene wapitawo ndi Kluge-Ruhe, nyumba ya sukuluyo yoonetsera luso la eni nthaka a ku Australia. Zizindikirozo ndi zakalekale, pakuti makolo awo ankazilemba pamchenga ndi pathupi nthawi ya miyambo, koma kuzijambula ndi utoto wa m'sitolo kudafalikira kuchokera pamudzi wa Papunya m'chaka cha 1971, mphunzitsi wina, Geoffrey Bardon, atalimbikitsa amuna akuluakulu a pamudzipo. Mu 1972 alusowo adakhazikitsa kampani yawoyawo, Papunya Tula, kuti azigulitsa okha ntchito zawo. Timadontho mwatiwonato, ena adatigwiritsa ntchito pophimba zinthu zopatulika zosayenera kuonedwa ndi aliyense, ndipo ife amene tikudziwa kulemera kwa chinsinsi cha kudambwe sitingadabwe nazo.

Kwa zaka zambiri atsamunda ankasonkhanitsa ntchito za anthu otere n'kulembapo dzina la mtundu wokha, ngati kuti chinthu chimadzisema chokha ndiponso ngati kuti eni ake adatha. Chionetsero cha pasukulu ya ukachenjede chimakonza cholakwa chimenechi, chifukwa chimalemba dzina la wojambula, kwawo ndi chaka, ndipo ophunzira amatha kumva mwini ntchito akufotokoza yekha. Chifukwa chotchula mayina a eni ntchito, dziko lidadziwa Emily Kame Kngwarreye, gogo amene adayamba kujambula ndi utoto wa m'sitolo ali pafupi ndi zaka 80, komanso Archie Moore, amene mu 2024 adapata mphotho yaikulu pachionetsero cha luso ku Venice, m'dziko la Italy, atalemba ndi choko mndandanda wa makolo ake pamakoma ndi kudenga.

Nkhaniyi imandikhudza ndikadutsa mumsewu wa Victoria, pamene alendo amagula ziboliboli atanenerera mtengo, n'kuchoka osafunsa amene adasema. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adaphunzitsa osema ambiri, ndipo ndikanakondwa kuona sukulu ya ukachenjede muno mu Blantyre ikuika ntchito zawo pachionetsero, iliyonse ndi dzina la mwini wake.

Pakadali pano, mayi, muuzeni mwana wanu kuti akabwererakonso akajambule ndi kachikwangwani kamene kali pambali pa chojambula chilichonse, kuti muwerenge nokha dzina ndi chaka.