Matayala onenepa pa malimu amene galimoto inabwera nawo

FUNSO

Zikomo bambo a tsamba la magalimoto. Ndine mayi wa ana atatu. Chaka chatha ndinagula kagalimoto ka injini ya 1300cc komwe ndimayendera kuntchito ndi kukatula ana kusukulu. Matayala ake atha ndipo ndiyenera kugula ena mwezi uno. Pa amene alipowa palembedwa 175/65 R14 82T. Alamu anga akuti ndi owonda kwambiri, n'chifukwa chake kagalimotoka kamandiopsa mvula ikagwa. Akuti ndigule onenepa a 195/65 R14, poti onse ndi a 14 akwana pa malimu omwewa, galimoto izigwira msewu komanso izioneka bwino. Ndalama ya malimu ena ndilibe. Mwana wanga wamkulu atachotsa tayala limodzi anaona kuti palimu padindidwa 14x5J. Kodi ndiwamvere alamuwa?

Mayi wa ana atatu

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'chikwama. Mwanayo mumuthokoze, pakuti nambala imene wawerenga palimupo ndi imene yasenza nkhani yonseyi. Pa limu ya 14x5J musaikepo tayala la 195. Kulowa lilowa, alipopa mpweya n'kukhazikika, inu n'kuliza galimoto ulendo. Koma kulowa kwa tayala palimu sikutanthauza kuti ndi pake.

Alamu anu alondola pa chinthu chimodzi. 14 ija ndi kukula kwa bowo la pakati pa tayala, mainchesi 14, ndipo tayala lililonse la R14 livala limu ya 14. Chimene sanayang'ane ndi nambala inayo, 5J. Imeneyo ikunena m'lifupi mwa limu, kuyeza kuchokera m'kati mwa mlomo umodzi kukafika m'kati mwa mlomo winawo: mainchesi 5, omwe ndi mamilimita 127. Anthu ambiri amayenda ndi galimoto mpaka kuigulitsa osaidziwa nambalayi, chifukwa imabisala kuseri kwa limu kapena pafupi ndi mabowo a manati, pomwe pamadzaza fumbi lakuda la mabuleki.

Opanga matayala sachita zongoganizira. Pali mabungwe amene amaika miyezo ya matayala ndi malimu, monga ETRTO la ku Brussels ndi JATMA la ku Japan, ndipo saizi iliyonse ya tayala ili ndi malire a limu imene ingavale. La 175/65 R14 limakhala pa limu ya mainchesi 5 mpaka 6. La 185, kaya 185/60 kaya 185/65, limakhala pa 5 mpaka 6.5. La 195/65 R14 limayambira pa 5.5 kukalekeza pa 7, ndipo limu yake yeniyeni imene amaliyezerapo ndi ya 6. Ndiye kuti limu yanu yaperewera ndi theka la inchi kuti ingofika poyambira penipeni, ndipo yaperewera ndi inchi yathunthu kuti tayalalo likhale mmene analiumbira.

Theka la inchi limamveka laling'ono, koma mukapita kogula matayala kachiteni izi muone nokha. Imikani tayala la 195 pansi lisanavale limu, mugwire milomo yake iwiri ndi manja onse, muifinyire pamodzi. Yang'anani pamwamba, pomwe pamaponda msewu. Muona pakati pakutukumuka ngati msana wa kamba, m'mphepete monse mukuwerama. Limu yopapatiza imachita zomwezo, koma iyo siitopa manja, imalifinya usana ndi usiku. Mwalipira mphira wa mamilimita 195 koma umene ukugwira ntchito kwambiri ndi wapakati pokha. Pakapita miyezi muona pakati pasalala pomwe m'mphepete mizere idakali yakuya.

Choipa kwambiri chili m'makoma a m'mbali. Khoma la tayala limayenera kuima pafupifupi chilili kuchokera palimu, kuti pokhota lizichirikiza galimoto. Likafinyidwa m'munsi n'kufufuma m'mwamba limakhala lolobodoka. Mukapotoza chiwongolero limu imayamba kukhota yokha, tayala n'kumatsatira pambuyo, ndipo galimoto imamveka ngati ikuyenda pa matiresi. Poyenda pang'onopang'ono simungazindikire. Mudzazindikira tsiku limene mwana wathamangira mumsewu, inu n'kufuna kuzemba mwadzidzidzi. Ena akaona tayala likudyeka pakati amaliphwetsako mpweya kuti liponde lonse. Kumeneko ndi kuzimitsa moto ndi mafuta: tayala lopanda mpweya wokwanira limapindika kwambiri poyenda, limatentha, ndipo kutentha ndi kumene kumaphulitsa matayala pa ulendo wautali.

Palinso nkhani ya malo. Ndili wamng'ono pa ntchitoyi, kunabwera bambo wina ndi kagalimoto konga kanuka, atagula kale matayala anayi onenepa. Ndinawaika. Galimoto ili pa jeke ndinazunguza tayala lililonse ndi dzanja, palibe pomwe linakhudza, ndipo ndinawauza kuti zonse zili bwino. Patatha masabata awiri anabwerera akudandaula kuti akanyamula anthu kumbuyo n'kudutsa pa bampu kumamveka khwee. Nditagwada n'kuyendetsa chala paphewa la tayala lakumbuyo ndinapeza kangalande kozungulira tayala lonse, kosalala ngati kodulidwa ndi mpeni, tizinyenyeswa ta mphira titamatirira pa mlomo wachitsulo wa madigadi. Pa jeke tayala limalendewera pansi, kutali ndi chitsulocho. Galimoto ikalemedwa thupi lake limatsika n'kulipeza. Mpando wakumbuyowo munkakhala ana awo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandigunda. Kuyambira tsiku limenelo sindiweruza tayala galimoto ili m'mwamba.

Tsopano pa 65 paja, pomwe alamu anu akuona ngati palibe chasintha poti nambala ndi yomweyo. 65 si mamilimita. Ndi peresenti: kutalika kwa khoma la tayala ndi magawo 65 pa 100 a m'lifupi mwake. Pa tayala la 175 khomalo ndi mamilimita pafupifupi 114. Pa la 195 ndi 127. Makoma ndi awiri, pansi ndi pamwamba, ndiye mukaphatikiza ndi limu, tayala lanu la lero ndi lotalika mamilimita 583 pomwe la alamu anulo ndi 609. Silinangonenepa, latalikanso ndi mamilimita 26, omwe ndi pafupifupi 4.5 peresenti. Ife okonza magalimoto timayesetsa kuti kusiyana kusapitirire 3 peresenti.

Chifukwa chake n'chakuti galimoto sidziwa kuti mwasintha matayala. Iyo imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati. Tayala lalitali likazungulira kamodzi limadya msewu wautali, choncho pomwe muvi wa sipidi unazolowera kunena 100, mudzakhala mukuthamanga makilomita anayi kapena asanu kuposa mmene munkathamangira kale. Mita ya mtunda nayo idzawerenga mopereweza. Injini ya 1300cc idzamva ngati mwaiika giya yokwererapo pang'ono: ponyamuka idzachita ulesi, pamtunda idzafuna giya yotsika msanga, ndipo phazi lanu lidzalemera pa mafuta. Onjezani kuti tayala lonenepa ndi lolemera komanso limakanika kugudubuzika, muona kuti mafuta amene munkayendera sabata yonse sakufikanso. Musaiwalenso sipeya. Ili m'butimo ndi ya saizi yakale, ndipo tsiku la ponchi mudzakhala ndi tayala lalifupi mbali imodzi, lalitali mbali inayo.

Koma chimene chandikhudza kwambiri m'kalata yanu ndi mvula, chifukwa mantha anuwo ndi enieni ndipo mankhwala amene mwapatsidwa akhoza kuwonjeza matenda. Malo amene tayala limaponda pansi ndi aang'ono, ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Kukula kwa malowo kumadalira kwambiri kulemera kwa galimoto ndi mpweya umene uli m'tayala. Mukaika tayala lonenepa pa galimoto yomweyo ndi mpweya womwewo, chikhathocho sichikula kwenikweni, chimangosintha maonekedwe: chimafupika kutsogolo ndi kumbuyo n'kutambasuka m'mbali. Pamsewu wouma, tayala lili pa limu yoyenera, zimenezi zimathandizadi pokhota, ndipo apa sindiwatsutsa alamu anu. Pamadzi nkhani imatembenuka. Tayala liyenera kukankha madzi onse amene ali patsogolo pake lisanaponde phula. Lowonda limang'amba madzi ngati mpeni. Lonenepa limakumana ndi madzi ambiri nthawi imodzi, ndipo kagalimoto kopepuka sikakhala ndi thupi lolikanikizira pansi. Madzi akalephera kuthawa amalowa pansi pa tayala n'kulinyamula. Pamenepo chiwongolero chimapepuka m'manja, mabuleki samva, galimoto imapita komwe ikufuna.

Ndiye n'chiyani chikukuopsani mvula ikagwa? Mwanena nokha kuti matayala atha. Mizere ya patayala ija ndi ngalande zothawitsira madzi. Latsopano ngalandezo zimakhala zakuya mamilimita 7 kapena 8. Suzumirani m'ngalandemo muona timilatho ta mphira todutsa chopingasa, totalika mamilimita 1.6. Pamwamba pa tayala pakalingana ndi timilathoto, latha, ndipo pamadzi limakhala litayamba kale kufooka lisanafike pamenepo. Vuto lanu si kuwonda kwa matayala, ndi kusalala kwake.

Ine ndikanakhala inu ndikanagula anayi a 175/65 R14, a kampani yodziwika, atsopano. Ndalama imene mukanawonjezera pa kunenepa muiwonjezere pa ubwino wa mphira. Tsiku loyamba la mvula mudzamva kusiyana m'manja mwanu momwe. Pogula onetsetsani 82T ija. 82 akutanthauza kuti tayala limodzi lingasenze makilogalamu 475, T akutanthauza liwiro la makilomita 190 pa ola. Nambala yokwererapo ilibe vuto, yotsikirapo ikaneni. Fufuzaninso pakhoma la tayala pomwe palembedwa DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2324 ndi sabata ya 23 ya 2024. Mphira umakalamba ngakhale uli pa shelefu, ndiye musalandire tayala limene lagona m'sitolo zaka zambiri.

Ngati mtima wakakamira ndithu pa kunenepa, limu yanu ilola sitepe imodzi yokha, 185. La 185/60 R14 ndi lotalika mamilimita 578, kusiyana ndi lakale sikufika 1 peresenti. La 185/65 R14 ndi 596, kusiyana kwa 2 peresenti, ndipo limakweza galimoto ndi mamilimita 6 ndi theka okha. Onse awiri ali m'malire, koma dziwani kuti 5J ndi limu yochepetsetsa imene angavale, choncho phindu lake ndi lochepa. Musanagule tsegulani chitseko cha dalaivala muwerenge kachikwangwani komata pamzati, kamene kamanena saizi ndi mpweya zimene opanga galimoto anavomereza. Magalimoto ena kamatchula masaizi awiri. Akaika matayalawo, galimoto itsike pa jeke, anthu akhale kumbuyo, mupotoze chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, wina alowetse dzanja kuseri kwa tayala amve ngati zala zikudutsa pakati pa tayala ndi shoko, ndi pulasitiki ya m'madigadi, ndi paipi ya mabuleki. Pakapita sabata mugwade muone ngati pali pomwe pakunyezimira chifukwa chokhulana. Kaya musankha saizi iti, apimitseni alainimenti tsiku lomwelo, ndipo mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe.

Alamu anu muwaonetse 5J ija ndi maso awo. Ankakufunirani zabwino, nambala imodzi yokha ndi imene inawadutsa.

FUNSO

Achimwene, ndalama yanga ikukwana matayala awiri okha. Ndikufuna ndiike onenepa kumbuyo, akale owondawo atsale kutsogolo. Pali vuto?

Dalaivala wachinyamata

YANKHO

Lilipo, mng'ono wanga. Magalimoto othamangitsa amene mumawaona ali ndi matayala onenepa kumbuyo anapangidwa choncho, ndipo mphamvu ya injini yawo imapita kumbuyoko. Timagalimoto tating'ono tambiri timakoka ndi matayala akutsogolo, omwenso amakhota ndi kusenza gawo lalikulu la mabuleki, ndiye kunenepetsa kumbuyo sikukupatsani kanthu. Masaizi akasiyana kutalika, ABS, makina oletsa matayala kuima n'kukhukhuluzika mukaponda mabuleki mwamphamvu, imaona matayala akuzungulira mosiyana ndipo ikhoza kulowerera pa nthawi yolakwika. Simungathenso kumasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo kuti azitha mofanana.

Gulani awiri a saizi imene yalembedwa pamzati wa chitseko, ofanana mtundu. Atsopanowo muike kumbuyo, ndipo pa akalewo musankhe awiri amene ngalande zake zidakali zakuya apite kutsogolo. Kutsogolo kukaterereka pamadzi mumamva m'chiwongolero n'kuchotsa phazi pa mafuta. Kumbuyo kukaterereka galimoto imatembenuka musanachite kanthu. Ngati akalewo afika kale pa timilatho ta 1.6 tija, awiri sakwana, galimotoyo iyambe yaima mpaka mupeze anayi.