Kodi fakitale ya ethanol imapindulitsadi alimi?

Mwafunsa ngati fakitale yopanga ethanol, mafuta a galimoto ochokera ku mbewu monga nzimbe kapena chimanga, imatukuladi dera la alimi, kapena phindu lonse limathera m'matumba mwa eni kampani. Ine ndikuona kuti imatukula ndithu, koma kukula kwa phindulo kumadalira mwini wake wa fakitaleyo komanso mgwirizano umene alimi asainira.

Fakitale yotere siingamangidwe kutali ndi minda, chifukwa nzimbe zikangodulidwa shuga wake amayamba kuchepa, ndipo kunyamula katundu wolemera chonchi mtunda wautali kumadya phindu lonse. Motero ntchito za madalaivala, amakaniko ndi ogwira ntchito m'fakitale zimakhala komweko kumudzi, ndipo mlimi amadzala akudziwiratu kumene akagulitse. Dziko la Brazil linayamba ndondomeko ya Proálcool, yolimbikitsa kupanga ethanol kuchokera ku nzimbe, mu 1975, mafuta atakwera mtengo kwambiri mu 1973, ndipo kuyambira mu 2003, pamene kunabwera magalimoto oyendera petulo kapena ethanol, msika wa alimi a nzimbe a ku São Paulo unakula kwambiri.

Chimene ambiri amachiiwala ndi zotsalira. Nzimbe zikafinyidwa, zinyatsi zake zimatenthedwa kuti zipange nthunzi ndi magetsi, ena mpaka kugulitsidwa, pamene madzi otsala pambuyo potcheza ethanol amabwezedwa kumunda ngati feteleza. Ku Iowa, m'dziko la America, kumene amagwiritsa ntchito chimanga, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chimangacho limabwerera ngati masese odyetsera ng'ombe ndi nkhumba, zomwe zimathandiza oweta ziweto a m'deralo. Mafakitale angapo a kumeneko anamangidwa ndi alimi amene anasonkherana ndalama n'kukhala ndi masheya, kotero kuti mtengo wa chimanga ukatsika amapezako mbali ya phindu la fakitale.

Komatu si kulikonse kumene zimayenda chomwecho. Fakitale ikakhala imodzi yokha m'dera, ndiyo imalamula mtengo, popeza mlimi wa nzimbe zodulidwa kale alibe nthawi yosakira msika wina. Ntchito zodula nzimbe nazo n'zosadalirika, monga ku São Paulo komweko kumene makina alowa m'malo mwa anthu ambiri odula ndi zikwanje. Choncho musanavomereze fakitale m'dera lanu, funsani kuti amayeza bwanji shuga wa nzimbe zanu, amalipira pakatha nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati alimi aloledwa kugula masheya.