Tikawaonetse kuti ana mbiri ya dera lathu?

Funso: Ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ku Salima. Kodi pafupi ndi kwathu kuno alipo malo osungirako zinthu zakale amene ndingapiteko ndi ophunzira anga?

Yankho: Aphunzitsi, malowo alipo ndithu. Mukatsata msewu wa M5 kulowera ku Balaka, mufika pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, yomwe inakhazikitsidwa mu 1902. Pamenepo pali Chamare Museum, momwe amafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndiponso amasungamo zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu. Muyambe mwakambirana ndi makolo, poti nkhani za kudambwe ena saziona mopepuka.

Koma ine ndikadakonda kuti mukafikenso ku Nkhotakota, kumene Jumbe, Mswahili wochita malonda a akapolo, ankasonkhanitsira akapolowo ndi kuwaolotsa nyanja pa zombo kupita nawo ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere ku Tanzania. Mtengo wa mkuyu umene anthu amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe udakalipo, ndipo ku tchalitchi cha Anglican kuli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Mukapemphe munthu wamkulu wa m'deralo kuti akakutsogolereni, ndipo ana atenge makope olembamo zomwe akamve.