Mphotho zinafanana, nanga tsankho pa masewera okwera mafunde linatha?

Mayi wina amene akukhala ku Durban wanditumizira imelo yonena za mwana wake wamkazi, yemwe wayamba kukonda masewera a surfing, aja okwera mafunde a m'nyanja yamchere munthu ataimirira pa thabwa. Bambo a mwanayo akukana, akuti amenewa ndi masewera a amuna ndipo mtsikana sangapindule nawo kanthu. Mayiwa akufunsa kuti: "Ndinamva kuti masiku ano akazi ndi amuna amalandira mphotho yofanana pa mipikisano. Kodi n'zoona, ndipo kodi ndiye kuti tsankho linatha?"

Mayi, zimene munamvazo n'zoona, koma sikuti nkhani inathera pomwepo. Bungwe la World Surf League, lomwe limayendetsa mipikisano ikuluikulu ya masewerawa padziko lonse, linalengeza mu September 2018 kuti kuyambira 2019 akazi ndi amuna azilandira ndalama zofanana. China mwa zimene zinautsa mapiri pachigwa chinachitika pafupi ndi kwanuko, ku Ballito, kumpoto kwa Durban. Mu June chaka chomwecho, pa mpikisano wa achinyamata, Zoe Steyn wa ku South Africa anapambana n'kulandira marandi 4,000, pamene Rio Waida wa ku Indonesia, amene anapambana kumbali ya anyamata, analandira marandi 8,000. Chithunzi cha awiriwa ataimirira limodzi, aliyense atanyamula cheke chake, chinafalikira pa intaneti ndipo anthu ambiri anapsa nacho mtima. Nthawi yomweyo ku California, akazi okwera mafunde aakulu monga Bianca Valenti, Keala Kennelly, Paige Alms ndi Andrea Moller anali atakakamiza akuluakulu oyang'anira gombe kuti asapereke chilolezo cha mpikisano wa ku Mavericks pokhapokha akazi atapatsidwa malo ndiponso ndalama zofanana. Choncho musaganize kuti oyendetsa masewerawa anangodzuka tsiku lina ndi mtima wachifundo. Akaziwo anachita kuwakokera ku chilungamo.

Kwa ine, nkhani yaikulu kuposa ndalama ndi ya mafunde enieniwo. Masewerawa ndi osiyana ndi mpira, umene bwalo lake limakhala chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Nyanja imasintha malinga ndi mphepo ndiponso kudzaza ndi kuphwa kwa madzi, moti funde limene linali labwino pa 8 koloko likhoza kukhala lopanda ntchito pofika masana. Kwa zaka zambiri, oyendetsa mipikisano ankasungira amuna nthawi imene mafunde ali bwino, ndipo mphepo ikawawononga m'pamene ankauza akazi kuti alowe m'madzi. Kenako anthu omwewo ankanena kuti akazi sasangalatsa oonerera, n'chifukwa chake amalipidwa zochepa. Kumeneku n'kupatsa munthu munda wa pamiyala, kenako n'kumamuseka pa nthawi yokolola kuti sadziwa kulima. Pauline Menczer wa ku Australia anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1993 akulimbana ndi nyamakazi yoopsa, koma pa ukatswiriwo sanapatsidwe ndalama iliyonse, ndipo pambuyo pake ankapeza zofunika pa moyo poyendetsa basi ya ana asukulu.

Malo otchuka kwambiri nawonso anali otsekedwa. Ku Teahupo'o, pachilumba cha Tahiti, kumene funde limagwera pa miyala yakuthwa m'madzi osaya, mpikisano wa akazi unachotsedwa pambuyo pa 2006 ponena kuti malowo ndi oopsa kwa iwo, ndipo unabwezeretsedwa mu 2022. Chaka chomwecho m'pamene akazi anachita koyamba mpikisano wathunthu wa ligi yaikulu ya World Surf League ku Pipeline, ku Hawaii, ndipo anapambana Moana Jones Wong, amene anakulira pagombe lomwelo. Patangopita zaka ziwiri, mpikisano wokwera mafunde wa pa masewera a Olympic a 2024 unachitikira ku Teahupo'o komweko, akazi 24 ndi amuna 24, ndipo Caroline Marks wa ku America anatenga mendulo ya golide pa mafunde amene kale ankati mkazi sangawathe. Maya Gabeira wa ku Brazil, yemwe anatsala pang'ono kumira ku Nazaré m'dziko la Portugal mu 2013, anabwerera pamalo omwewo ndipo mu February 2020 anakwera funde lotalika mamita 22.4, lalikulu kuposa lililonse limene mwamuna anakwera m'nyengo ya mafunde aakulu ya 2019 mpaka 2020.

Zotsalira zilipo ndithu. Kwa nthawi yaitali ligi yaikulu yakhala ndi malo 36 a amuna ndi 18 okha a akazi, ndipo ngakhale analengeza kuti a akaziwo akwera kufika pa 24 kuyambira 2026, kusiyana kudakalipo. Komanso osewera ambiri sadalira mphotho ayi, amadalira makampani owathandiza, ndipo makampaniwo akhala akusankha akazi poyang'ana maonekedwe. Silvana Lima wa ku Brazil, amene anakhalapo wachiwiri padziko lonse kawiri, ananena poyera kuti ankasowa omuthandiza chifukwa saoneka ngati atsikana otsatsa malonda, moti ankaweta agalu ogulitsa kuti apeze ndalama zoyendera. Mipikisano ing'onoing'ono imene siili pansi pa ligiyi imachitabe zimene ikufuna: mu 2021 ku Sydney, Lucy Small anadzudzula okonza mpikisano ali pansanja yolandirira mphotho, ataona kuti wapatsidwa ndalama zosafika theka la zimene mwamuna wopambana analandira.

Kumayiko ena vuto limayambira kunyumba, mtsikana asanaganize n'komwe za mphotho. Ku Cox's Bazar m'dziko la Bangladesh, atsikana amene ankagulitsa tizinthu pagombe n'kuphunzira kukwera mafunde amanyozedwa, ndipo ena amasiya chifukwa chokwatiwitsidwa akadali ana. Khadjou Sambe wa ku Dakar, ku Senegal, anakanizidwa ndi abale ake kwa kanthawi, koma kenako anayamba kuphunzitsa atsikana ena mothandizana ndi gulu la Black Girls Surf. Ku Iran zinthu zinayenda mosiyana, pakuti amene anayambitsa masewerawa cha ku Chabahar anali akazi: Easkey Britton wa ku Ireland anafikako mu 2010, n'kubwererako mu 2013 kukasewera limodzi ndi akazi awiri a m'dzikomo.

Bambo a mwanayo muwauze modekha kuti ku Hawaii, kumene masewerawa anakhwimira, akazi ankakwera mafunde limodzi ndi amuna kuyambira kalekale, kuphatikizapo ana aakazi a mafumu. Muwakumbutsenso kuti pamene masewerawa analowa koyamba mu Olympic ku Tokyo mu 2021, mendulo ya siliva anaitenga Bianca Buitendag wa ku South Africa komwe mukukhalako. Sindingakulonjezeni kuti mwana wanu adzalemera nawo, chifukwa amene amadyera masewerawa ndi ochepa kwambiri, amuna ndi akazi omwe, ndipo sukulu asaitaye. Mudziwenso kuti magombe abwino a ku Durban anali a azungu okha mpaka cha mu 1989, kotero mtsikana wachikuda akhoza kudzipeza ali yekha m'madzimo pa zifukwa ziwiri.

Nkhawa imene ndingagwirizane nayo ndi ya ngozi. Mwanayo ayambe wadziwa kusambira bwinobwino m'nyanja yamchere, aphunzire kuzindikira madzi okokera kunyanja, ndipo azisewera pamalo pamene pali opulumutsa anthu. Musathamangire kugula thabwa latsopano, pakuti oyamba kumene amaphunzirira pa lofewa, limene makalabu ambiri amabwereketsa. Posankha kalabu, mufunse ngati ili ndi aphunzitsi aakazi, ndiponso ngati pa mipikisano yawo atsikana amapatsidwa nthawi ya mafunde abwino mofanana ndi anyamata.