Mleme wa ku Kasanka ndi mbalame ya Arctic tern

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa mileme ya ku Kasanka, malo osungira nyama zakutchire ku Zambia, ndi mbalame ya kunyanja yamchere ija amati Arctic tern, wamtunda wautali ndani, komanso ngati zonsezi ndi mbalame. Ayi, mleme si mbalame. Uli ndi ubweya osati nthenga, ndipo phiko lake ndi chikopa chopyapyala chotambasuka pakati pa zala zazitali. Umabereka mwana mmodzi pachaka n'kumamuyamwitsa. Arctic tern imaikira mazira pansi, limodzi mpaka atatu.

Pa nkhani ya mtunda, kambalameka kalibe mnzake. Kamalemera magalamu pafupifupi 100 basi, koma kamaswera ku Greenland, ku Iceland ndi madera ena akumpoto, kenako ulendo wa ku Antarctica, n'kubwereranso chaka chomwecho. Mu 2010 asayansi amene anazimangirira tizipangizo kumiyendo analengeza kuti zimauluka makilomita pafupifupi 70,000 pachaka, zikudya tinsomba m'njira. Zina zimafika zaka 30 zikuyendabe ulendo womwewu. Mleme wa ku Kasanka, wotchedwa Eidolon helvum, wa ubweya wonga udzu wouma, asayansi atautsatira kuchokera kumeneko unapezeka kuti unayenda makilomita opitirira 2,000.

Komabe ine mtima wanga uli pa mleme. Ndinapita ku Kasanka, m'boma la Chitambo ku Zambia, mwezi wa Novembala. Masana milemeyi imalendewera mothithikana m'kankhalango kakang'ono ka m'dambo, mpaka nthambi zina kuthyoka chifukwa cha kulemera. Dzuwa litapendeka inayamba kutuluka, poyamba pang'onopang'ono, kenako mamiliyoni, thambo lonse bii! Tonse tinangoti kukamwa yasa. Imafika chakumapeto kwa Okutobala kudzadya zipatso zakutchire, makamaka masuku omwewa timatola ifewa, n'kuchoka chakumapeto kwa Disembala. Siyendera phokoso lobwerera ngati timileme ta m'denga tija, imadalira maso ake akuluakulu ndi mphuno.

Chimene chimandikhudza n'chakuti usiku uliwonse mileme imeneyi imadzala mitengo. Njere zing'onozing'ono imameza n'kukazitulutsa kutali, ndipo ku Ghana anapeza kuti ingathe kuzifikitsa makilomita 75 kuchokera pamtengo umene yadya. Ndiye anthu akamagwetsa nkhalango zozungulira Kasanka pofuna minda ndi makala zimandipweteka, chifukwa nyama yobereka mwana mmodzi pachaka ikachepa, imatenga zaka zambiri kuti ichulukenso.