Wotchi ya PLC inatsala pang'ono kuchotsetsa mlonda ntchito

Wina wa ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti PLC (kakompyuta kolamulira makina) yoyendetsa mapampu kuntchito kwawo, Siemens S7-1200, ikumayatsa madzi nthawi yolakwika, ndiye akufunsa ngati angogula ina. Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Mwanditosa pachilonda.

Ndinagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu. Pampu yothirira nazale inkayamba 5 koloko m'mawa, kunja kukadali kozizira. Kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inangoyamba kudzuka 6 koloko. Bwana anakalipira mlonda, bambo wachikulire amene chipewa chaubweya sichinkachoka kumutu ngakhale kutenthe bwanji, akuti ndiye akumaseweretsa mabatani usiku. Bambowo anangoti, "Bwana, kabati ija ine sindiikhudza, ndimaopa shoko."

Ineyo ndinataya masiku awiri ndikuyeza mawaya, thukuta lili kamukamu, osapeza kanthu. Tsiku lachitatu ndinalumikiza laputopu. Wotchi ya makinawo inali pa nthawi ya ku Berlin, ku Germany!

PLC imeneyi imasunga nthawi ya UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limawerengerapo, kenako n'kuwerengera nthawi ya dera limene mwaiuza. Ife timatsogola ndi maola awiri chaka chonse. A ku Berlin amatsogola ndi ola limodzi, koma kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amawonjezera ola lina, n'kufanana nafe ndendende. Amene anaika makinawo anabwera m'nyengo yozizira, anaona wotchi ikugwirizana ndi foni yake, basi n'kulongedza zikwama. Azungu atabweza mawotchi awo, nazale yathu inabwezedwa nawo.

Anthu oterewa amandinyansa, ndinene mosabisa. Kuika makina n'kuchoka osasiya pulogalamu, osasiya pasiwedi, ukamuimbira foni akuti ali kutali, uwatumizire ya mafuta. Umenewo si umisiri, ndi uchigawenga wovala ovolosi. Ndipo zikavuta amene amalawa ukali wa bwana ndi mlonda, munthu wolandira zochepa kuposa onse, amene sadziwa n'komwe kuti kabokosi kotuwa kaja kali ndi wotchi m'mimba. Bwana uja sanapepese. Ndinawagulira ndekha bambowo shuga ndi masamba a tiyi, manyazi atandigwira ngati ndine ndinawanamizira.

Nanga inu muchite chiyani?

Yerekezani nthawi ya PLC ndi ya foni yanu. Mwa malamulo a mu pulogalamu ya PLC, RD_LOC_T imakupatsani nthawi ya dera, RD_SYS_T imapereka UTC, choncho iyoyo ikamatsalira ndi maola awiri musadabwe. Ngati pulogalamu yanu imayatsa pampu potengera yachiwiriyo, vuto mwalipeza kale. Kusiyana kukakhala ola lathunthu, lowani mu TIA Portal, pulogalamu ya pa laputopu yokonzera PLC, sankhani UTC+2, muzimitse zosintha nthawi za ku Ulaya zija. Kukakhala mphindi zochepa, n'kutaya kwa wotchi chabe, imatha kuphonya mphindi imodzi pamwezi; ikonzeni ndi lamulo la WR_SYS_T lolembera nthawi ya UTC, kapena iziitenga yokha pa NTP, njira yotengera nthawi pa netiweki, ngati netiwekiyo ilipo. Koma deti likasokonekeratu, kumbukirani kuti kapasita yake, kachipangizo kosunga timagetsi, imagwira nthawi masiku pafupifupi 20 okha magetsi atazima. Ngati mumathimitsa kabati dzinja lonse chifukwa simuthirira, ikanimo kabolodi ka BB 1297 kokhala ndi kabatire ka CR1025.

Mukayang'ana mundilembere kuti kusiyanako n'kwa mphindi zingati. Ndipo amene anakuikirani makinawo akupatseni pulogalamuyo pa fulashi, asanasinthe nambala.